Chitseko chobwezeredwa chikukana kutsekeka: momwe ntchito yokonza ikuyendera

Lolemba m'mawa: momwe tachipezera

Chitsekochi ndi cha m'kati mwa nyumba, chathabwa lokhalokha, m'lifupi 810 mm, m'litali 2030 mm, kuchindikala 40 mm. Chili pa mahinjesi awiri achitsulo a 100 mm, phiko lililonse la hinjesi lili ndi masikuluwu anayi. Felemu ndi yathabwa, yomangidwa m'khoma la njerwa. Chinachotsedwa kuti chipakidwe penti pamodzi ndi felemu yake, ndipo pochotsapo anamasula zonse: mahinjesi, loko, ngakhale kachitsulo ka pafelemu kamene kamalandira lilime la loko. Atachibwezera mpamene chinayamba kuvuta. Chisanachotsedwe chinkatsekeka bwinobwino.

Mfundo yomalizayi ndiyo ikutsogolera ntchito yonse. Chitseko chimene chinkakwana mufelemu yake sichingakule ndi mamilimita anayi chifukwa chongotsamira khoma chikudikira penti kuti aume. Chasintha ndi kakhalidwe kake pa mahinjesi, mwinanso penti wowonjezeka m'mphepete. N'chifukwa chake puleni taiika kaye patali. Ambiri amathamangira kupala pomwe chikukwecha, chitseko n'kutsekeka tsiku limenelo, koma hinjesi yolefuka ikamapitiriza kutsika amapalanso, mpaka chitseko chatha mbali imodzi ndipo mphepo ikudutsa.

Mavuto ooneka ndi atatu. Ukachikankha pang'onopang'ono chimaima patatsala pafupifupi 15 mm kuti chifike, ndipo ukachisiya chimabwerera chokha. Ukachikakamiza chimakwecha felemu pa ngodya yapamwamba ya mbali ya loko, penti watsopano wayamba kale kusupuka pamenepo. Chikalowa, lilime la loko siligwira, uyenera kuchinyamula pang'ono ndi chogwirira kuti limveke kuti khethe.

Mavuto atatuwa akhoza kuchokera pa chinthu chimodzi kapena pa zinthu zosiyana, ndiye sitikonza chilichonse tisanayeze.

Lolemba m'mawa, kupitiriza: mipata

Tachikankhira mkati mwa felemu mpaka kumapeto, mmodzi n'kuchigwira, ndipo tayeza titaima mbali imene mfundo za mahinjesi (tizigawo tobulungira mmene mumalowa pini) zimaonekera. Mipata ing'onoing'ono ngati imeneyi tepi siyeza bwino. Tadula timapepala ta katoni yolimba yochindikala 1 mm, n'kumalowetsa mumpata kuti tiwerenge kuti tikulowa tingati.

Mbali ya mahinjesi: pamwamba 4 mm, pakati 2 mm, pansi palibe mpata, thabwa likukhudza thabwa.
Mbali ya loko: pamwamba palibe mpata, pakati 2 mm, pansi 4 mm.
Pamutu pa chitseko: 2 mm ku mahinjesi, 3.5 mm ku loko.
Kunsi kwa chitseko: 10 mm ku mahinjesi, 8.5 mm ku loko.

Manambalawa akunena chinthu chimodzi momveka. Mukaphatikiza mpata wa kumanzere ndi wa kumanja pa msinkhu uliwonse mukupeza 4 mm: pamwamba 4 ndi 0, pakati 2 ndi 2, pansi 0 ndi 4. Kutanthauza kuti m'mbali mwa chitseko ndi mowongoka, miyendo ya felemu nayo yatalikirana mofanana, koma chitsekocho chapendekeka mkati mwake. Mutu wake wathawa ku mahinjesi, mbali ya loko yatsika. Chikanakhala kuti chafufuma ndi chinyezi, chiwerengero chophatikizacho chikanachepa pamalo ena, kawirikawiri kumunsi komwe madzi okolopera amafika, osati kufanana paliponse.

Mipata ya pamutu ikugwirizana nazo. Chitseko chikapendekeka ndi 4 mm pa utali wa 2030 mm, mbali yomwe ili pa 810 mm kuchokera ku mahinjesi iyenera kutsika ndi pafupifupi 1.6 mm, ndipo tapeza 1.5 mm.

Chinanso, 4 mm ndi yochepa. Timafuna mpata wa 2 mpaka 3 mm mbali iliyonse, ndiye chophatikiza chikhale 5 kapena 6. Chitseko chikuyeza 811 mm tsopano osati 810. Milimita yowonjezekayo ndi penti, ndipo pafelemu palinso wina.

Tayesanso izi: chitseko chili chotsegula theka, kuchigwira ku mbali ya loko n'kuchinyamula. Phiko la hinjesi yapamwamba la ku felemu likugwedera, likuoneka likulowa ndi kutuluka m'dzenje lake. Mfundo za hinjesi pa pini sizikugwedera, ndiye mahinjesi eni akewo sanathe, tiwagwiritsanso ntchito. Zikanakhala kuti mfundozo ndi zomwe zikusewera, kapena pansi pake pali fumbi lakuda lachitsulo, tikanagula ena, chifukwa hinjesi yodyeka simungaikonze ndi sikuluwu.

Lolemba masana: felemu

Felemu yokhota imapusitsa, mukhoza kuthera nthawi pa mahinjesi vuto lili m'khoma. Taiyeza chitseko titachitula.

Levulo yaitali ya 1800 mm pa mwendo wa mahinjesi, mbali zonse ziwiri, yoyang'ana m'khomo ndi yoyang'ana m'chipinda: kusiyana sikukupitirira 1 mm. Mwendo wa loko chimodzimodzi. Kuchokera ngodya yapamwamba kumanzere kufika yapansi kumanja 2198 mm, kwinako 2199 mm, ndiye khomo lili pa sikweya. Kenako tamanga ulusi uwiri mopingasa, ngodya ndi ngodya, pankhope pa felemu. Pomwe wadutsana pakati wangokhudzana pang'ono. Ukanatalikirana, kapena umodzi ukanakanikiza unzake mwamphamvu, zikanasonyeza kuti mwendo umodzi wa felemu watsogola pansi kapena pamwamba, ndipo zikatero chitseko chowongoka sichikhudza felemu mofanana ngakhale mahinjesi akhale bwino chotani. Ulusi umodzi ukakanikiza unzake, sinthani, wapansi ukhale pamwamba, muone ngati watalikirana.

Felemu ilibe vuto, ndipo yagwira khoma zolimba. Sitiisuntha pamalo pake.

Chitsekocho tachigoneka pa mabenchi awiri n'kuikapo thabwa lowongoka. Chapotoka pang'ono: ngodya yapamwamba ya ku loko yathawa ndi pafupifupi 3 mm poyerekeza ndi zitatu zinazo. Izi zimachitika chitseko chikaimikidwa chotsamira khoma, mbali imodzi yapakidwa penti inayo ikadali yopalidwa, nkhope ziwirizo n'kumauma mosiyana. Mamilimita atatu si ambiri, tidzawathetsa kumapeto pa kathabwa kotsekereza, ka pafelemu kamene chitseko chimagunda chikatsekeka. Usiku uno chigona pamalo osalala.

Lolemba madzulo: zomwe zili pansi pa mahinjesi

Tisanamasule, talemba ndi pensulo kuseri kwa phiko lililonse: yapamwamba, yapansi, ya ku chitseko, ya ku felemu. Mahinjesi ooneka ofanana amasiyana pang'ono pa kapindidwe ndi malo a mabowo, ndipo aliyense wochotsa chitseko akanamalemba chonchi, theka la ntchito ngati ino silikanakhalapo.

Pa hinjesi yapamwamba, ku felemu, masikuluwu awiri mwa anayi akungozungulira osagwira. Ndi a 3.5 × 25 mm pomwe mabowo akale ndi a 4 mm, ndiye alowa m'mabowo owakulira. Hinjesi yapamwamba ndiyo imakokedwa ndi kulemera kwa chitseko, yapansi imakanikizidwa. Yapamwamba ikalefuka, mutu wa chitseko umapita ku loko. Awo ndiwo 4 mm aja.

Pa yapansi pali zinthu ziwiri. Choyamba, masikuluwu ake ndi a 4.5 mm, mitu yake ndi yaikulu kuposa malo ake pa phiko, yatuluka pamwamba pa chitsulo. Chitseko chikamatsekeka mapiko awiriwo amayang'anizana, mitu ya uku n'kugunda mitu ya uko, ndipo pamituyo pali kale timabala tonyezimira. Chachiwiri, dzenje logobedwa pafelemu ndi lakuya 3.5 mm pomwe phiko ndi lochindikala 2.5 mm. Pansi pa dzenjelo pamatirira zotsalira za pepala lakale labulauni. Amene anapachika chitsekochi poyamba anagoba mopitiriza, anaikamo katoni kuti akweze phiko, ndipo katoniyo inatayika pomwe ankapala penti. Phiko likamira m'dzenje chonchi, m'mphepete mwa chitseko mumagunda felemu hinjesi isanatsekeke yonse. Mukakankha, mukupinda hinjesi ndi kukoka masikuluwu, ndipo mukasiya zimabwerera. Kubwerera chokha kuja kukuchokera apa. Kulinso kulefula hinjesi yapamwamba, chifukwa aliyense wokakamiza chitsekocho amaizula pang'ono.

Njira yachidule yodziwira vutoli popanda kumasula: tsekani pang'onopang'ono mukuyang'ana mfundo za hinjesi. Zikamasuntha kuchoka pafelemu pamene chitseko chikufika kumapeto, ndiye kuti china chake chagunda msanga ku mbali ya mahinjesi. Kapepala kolowetsedwa mumpatamo kamapanidwa pamalo enieniwo.

Maenje onse anayi ali ndi penti m'ngodya. Tamupala ndi tchizulo ya 25 mm, nkhope yosalala ya tchizulo ili pansi, osachotsa thabwa, penti yekha. Phiko liyenera kukhala pa thabwa lenileni, ndipo nkhope yake ifanane ndi thabwa lozungulira, chala chikamadutsa chisamve chitunda kapena chigwa.

Mabowo olefuka tawakonza motere. Tawaboola ndi dirilo ya 8 mm kuya 25 mm, osapyoza felemu, yomwe ndi yochindikala 32 mm pamenepo. Kachidutswa ka tepi yomata pa dirilo ndiko kakuonetsa poimira. Tadula timitengo tobulungira ta 8 mm, tapaka guluu woyera wa matabwa m'bowo ndi pa kamtengo, takhoma ndi hamala mpaka kufika pansi, tapukuta guluu wotuluka ndi nsalu yonyowa. Tachita onse anayi a hinjesi yapamwamba ku felemu, osati awiri olefuka okha, chifukwa enawo nawo anali atayamba kukula. Ndodo za machesi zoviika mu guluu zimathandiza pa bowo limodzi la kabati yopepuka, koma pa hinjesi yapamwamba ya chitseko cholemera chonchi sizikhalitsa. Guluu wamtunduwu amagwira mkati mwa ola limodzi koma amalimba kwathunthu pakatha maola 24, ndiye kumanga masikuluwu kudikira mawa madzulo.

Lachiwiri m'mawa: m'mphepete mwa chitseko

Guluu akuuma, tatembenukira ku penti.

M'mphepete mwa chitseko ku mbali ya loko simukhala pa sikweya. Mumapalidwa mopendekera, madigiri awiri kapena atatu, kuti nkhope imene imalowa mufelemu poyamba ikhale yochepa pang'ono kuposa inayo. Chifukwa chake ndi ichi: chitseko chimazungulira pa pini ya hinjesi, ndipo pini ili kunja kwa nkhope imodzi. Ngodya ya nkhope inayo ili kutali ndi pini kuposa yapafupi. Pa chitseko cha 810 mm ndi 40 mm kusiyanako ndi kopitirira pang'ono 1 mm, ndipo ngodya yakutaliyo ndi imene imadutsa pakamwa pa felemu poyamba. Pa mpata wa 2 mm, milimita imodzi imatenga theka la malo onse. Madigiri atatu pa 40 mm ndi pafupifupi 2 mm.

Apa pali msampha wa zitseko zobwezeredwa. Chitseko chikatembenuzidwa kuti chizitsegukira mbali ina, mahinjesi n'kusamutsidwira ku nkhope inayo, kupendekerako kumayang'ana kolakwika, ndipo chimagunda felemu ngakhale mipata ikuoneka bwino chikakhala chotseka. Lilime la loko nalo limafunika kutembenuzidwa, apo ayi mbali yake yosalala ndiyo imagunda chitsulo. Taika sikweya: pa chathu kupendekera kuli koyenera, koma penti wadzaza. Wayenderera kuchokera pankhope n'kuuma ngati mzere wotukuka m'ngodya, kuyambira pamwamba mpaka pa loko.

Tachotsa loko, taimika chitseko chammbali, tapala penti yense wa m'mphepetemo ndi chopalira chachitsulo kenako sandipepa ya 80 yokulunga pa kathabwa. Kathabwako n'kofunika, sandipepa yogwira ndi dzanja lokha imabulungiza ngodya n'kusiya pakati potukuka. Puleni yadutsa kawiri kokha, yotchera mopyapyala kwambiri, kungobwezeretsa kupendekera kuja. Chitseko chabwerera pa 810 mm pankhope yaikulu ndi 808 mm pa inayo. M'kati mwa felemu tapalamonso penti wotukuka mbali zonse. Chophatikiza cha mipata chikhala choposa 5 mm tsopano.

Chikanafunika kuchepetsedwa kwenikweni, mamilimita awiri kapena atatu, tikanapala mbali ya mahinjesi osati ya loko, kenako n'kuzamitsa maenje a mahinjesi. Ku loko mukachotsa thabwa lambiri, nkhope ya loko imatuluka, muyenera kuigobera mkati, ndipo mabowo a chogwirira ndi kiyi sakhalanso pamalo pake. Popala pamutu kapena kunsi, puleni iziyambira kumapeto kupita pakati, chifukwa matabwa oimirira a m'mbali amathetheka puleni ikatulukira kunja. Ndipo pa zitseko zopepuka zija za mphako m'kati, thabwa lolimba lili m'mphepete mokha, lopyapyala, ndiye mukadula zambiri mumafika pa mphako.

Paliponse pamene thabwa laonekera tapaka penti woyamba mopyapyala, kuphatikizapo pamutu ndi kunsi kwa chitseko, komwe opaka penti anasiya posapaka. Kumeneko ndi komwe mitsempha ya matabwa oimirira yatsegukira, ndipo chinyezi chimalowa msanga. Thabwa limafufuma m'lifupi, m'litali silisintha kwenikweni, n'chifukwa chake chitseko chosapakidwa kunsi chimakakamira m'mbali nyengo yachinyezi ikafika.

Lachiwiri madzulo: kupachika

Timitengo tija tatidula ndi tchizulo kuti tifanane ndi pansi pa dzenje. Taika phiko m'malo mwake, talemba pakati penipeni pa bowo lililonse ndi msomali wakuthwa, taboola ndi dirilo ya 2.5 mm. Kulemba pakati kumafuna diso. Mutu wa sikuluwu ndi wosongoka kunsi, ndiye bowo likakhala pambali, pomanga umakoka phiko lonse kupita komweko, ndipo hinjesi imasuntha ndi theka la milimita inu osaona. Ngati mungalakwitse, kuli bwino bowo lipendekere ku khoma lakumbuyo la dzenje, kuti phiko likokedwe kulowa osati kutuluka.

Masikuluwu onse 16 ndi atsopano, 4 × 30 mm, a mutu wolowa, ndipo tayesa umodzi pa phiko tisanayambe kuti tione kuti mutu ukumira wonse. Mabowo a hinjesi yapansi, omwe a 4.5 mm aja anawakulitsa, tawatseka ndi tizidutswa ta thabwa ndi guluu dzulo lomwelo. Omaliza kumanga ndi sikuludalaivala yamanja. Makina amapitiriza kuzungulira sikuluwu itafika kale, n'kudya thabwa lomwe mwangokonza.

Pa felemu yokhomedwa pa mitengo ya m'khoma, njira yodziwika ndi kulowetsa sikuluwu imodzi yaitali ya 75 mm pa hinjesi yapamwamba kuti ikagwire mtengo wakuseri ndi kukoka felemu. Kuno kuseri kuli njerwa, ndiye sikuluwu yaitali ikanafuna pulagi m'khoma, ndipo felemu siikufunika kukokedwa. Taisiya.

M'dzenje la hinjesi yapansi pafelemu taikamo katoni yolimba ya 1 mm, yodulidwa mofanana ndi phiko, yoboola pomwe masikuluwu adutse. Katoni ikhale yolimba yosanjikiza kumodzi, osati ya mabokosi ija yokhala ndi mphako pakati, imene imaphwatalala mukamanga. Pulasitiki yopyapyala kapena kathabwa kopyapyala kwambiri ndi zabwinonso.

Popachika, chitseko chaima chotsegula pa timatabwa tosongoka tiwiri kunsi kwake, tokankhidwa mpaka mapiko afanane ndi maenje. Hinjesi yapamwamba poyamba, sikuluwu imodzi yokha, kenako yapansi imodzi. Tachotsa timatabwa, tatseka, tayeza. Masikuluwu onse amalowa mipata ikakhala bwino, osati isanatero.

Zotsatira zoyamba: mbali ya mahinjesi 2 mm pamwamba, 1.5 mm pansi. Mbali ya loko 3 mm pamwamba, pafupifupi 4 mm pansi. Sichikubwereranso chokha ndipo sichikukwecha. Chikadali chopendekeka pang'ono, ndiye tawonjezera kapepala ka theka la milimita kuseri kwa phiko lapansi la ku chitseko.

Kawerengedwe ka zoikira kuseri n'kothandiza kukadziwa. Pakati pa hinjesi yapamwamba pali pa 200 mm kuchokera pamutu, pa yapansi 300 mm kuchokera kunsi, ndiye atalikirana 1530 mm. Milimita imodzi yoikidwa kuseri kwa yapansi imakankha kunsi kwa chitseko ndi milimita imodzi kupita ku loko, komanso imakweza mbali yonse ya loko ndi pafupifupi theka la milimita, chifukwa 810 ndi pafupifupi theka la 1530. Ndiye katoni imodzi imasintha mipata itatu nthawi imodzi, ndi msinkhu wa lilime la loko. Ichi n'chifukwa chake kachitsulo ka pafelemu sikakhudzidwa mahinjesi asanathe.

Katoni imathanso kukoka chitseko m'malo mochikankha. Kamzere kopyapyala koikidwa kuseri kwa phiko la ku felemu, m'mphepete mwakutali ndi pini mokha, kamapendeketsa phiko, mfundo n'kusendera ku felemu, chitseko n'kutsatira. Sitinafunike kutero pano, koma ndi njira yabwino kuposa kuzamitsa dzenje pamene mukufuna theka la milimita lokha. Pa felemu zachitsulo, zomwe mahinjesi ake ndi owotcherera, katoni imalowa ku chitseko kokha, kapena mumapinda mfundo za hinjesi pang'ono ndi sipanala yosintha kukula, pang'ono zedi, chifukwa zowotcherera zimathyoka.

Titamanga onse: mahinjesi 2 mm kuyambira pamwamba mpaka pansi, loko 3 mm mpaka 3.5 mm, pamutu 2.5 mm mbali zonse. Tachitsegula pang'ono, theka, ndi chonse, n'kuchisiya: chikuima pomwe chasiyidwa. Chitseko chomayenda chokha chimasonyeza kuti mzere wa mapini awiriwo kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi wopendekeka.

Lachitatu: loko

Tabwezera loko. Lilime likulowa ndi kutuluka momasuka chitseko chili chotsegula, ndiye loko alibe vuto. Chikatsekedwa, siligwirabe popanda kukankha.

Tamata tepi yapepala pa kachitsulo ka pafelemu, tapaka choko kunsonga kwa lilime, tatseka lilime titalibweza ndi chogwirira, kenako talimasula kuti ligunde. Chizindikiro chikuonetsa kuti lilime lili mmunsi ndi 1.5 mm poyerekeza ndi bowo. Lolemba linali mmunsi ndi 3 mm, ndiye theka lathetsedwa ndi mahinjesi. Tikanasuntha kachitsuloko tsiku loyamba lija, lero kakanakhala kolakwika mbali inayo.

Theka lotsalalo tinalipeza titamasula: m'munsi mwa dzenje la kachitsuloko mwauma penti wochuluka, ndipo kanamangidwa kali pamwamba pa pentiyo, masikuluwu olowa mopendekera. Tapala penti, tatseka mabowo awiriwo ndi timitengo, tabwezera kachitsulo pamalo pake penipeni. Lilime likulowa koma likukhudza m'munsi mwa bowo, ndiye tapala m'mphepetemo ndi tupa theka la milimita, kachitsulo katapanidwa pa benchi osati kali pafelemu. Kusiyana kukakhala kosapitirira 2 kapena 3 mm, tupa ndi wokwanira. Kukaposa pamenepo, sunthani kachitsulo konse, muwonjezere dzenje ndi tchizulo, ndipo mabowo akale atsekedwe kaye, apo ayi masikuluwu amatsetserekera momwe munali kale. Bowo la m'thabwa kuseri kwa kachitsulo nalo liziyang'anidwa. Tayeza kuya kwake ndi msomali, ndipo lilime ndi chitsulo cha kiyi zonse zikutuluka mpaka kumapeto osagunda pansi.

Kwatsala kukankha kuja. Apa ndi pomwe kupotoka kwa 3 mm kwaonekera, ngakhale kugona pamalo osalala kwakuchepetsa kufika pafupifupi 2 mm. Ngodya yapansi ya ku loko ikugunda kathabwa kotsekereza poyamba, pamwamba pakadali mpata, ndipo pa msinkhu wa loko lilime likutsalira milimita imodzi kuti lifike pabowo.

Pa felemu iyi kathabwako ndi kokhomera ndi misomali, si kogobedwa m'felemu momwemo, ndiye kamasuntha. Tadula penti m'mbali mwake ndi mpeni kuti asasupuke, takatukula pang'onopang'ono ndi tchizulo yaikulu kuyambira pansi, kachidutswa ka katoni kali pansi pa tchizulo kuteteza felemu. Misomali taizulira kuseri ndi pulayazi kuti nkhope isabooke. Tatseka chitseko mpaka lilime lagwira, takankhira kathabwa kuti katsatire nkhope ya chitseko momwe ilili, kapepala kopyapyala kali pakati kusiya malo a penti, n'kukhoma ndi misomali yopanda mitu ya 40 mm, pa 300 mm iliyonse. Kapamutu takasunthanso kumapeto kwa ku loko kuti kakumane bwino ndi kam'mbali. Ka ku mahinjesi kali ndi mpata wa 1.5 mm kuchokera ku chitseko, ndipo kayenera kukhala choncho: kakakhudza, ngodya ya chitseko imakakwecha potseka, kubwerera kuja n'kuyambiranso.

Felemu ikanakhala yogobedwa, kathabwa kosasuntha, tikanasuntha hinjesi yapansi pafelemu ndi milimita imodzi kapena iwiri kutulukira m'chipinda, kuti kupotokako kugawike ku ngodya ziwiri, kapena kupala chipupa chogobedwacho kumunsi.

Tsopano chikutsekeka ndi chala chimodzi, lilime likugwira lokha, kiyi akuzungulira popanda kukoka kapena kukankha chitseko, ndipo chikakhala chotseka sichikugwedera.

Zotsala

Penti womaliza m'mphepete mwa chitseko ndi pa timatabwa totsekereza, wopyapyala, kamodzi kokha. Mahinjesi ndi kachitsulo ka loko zisapakidwe, zitchingidwe ndi tepi zili pomwepo m'malo mozimasulanso. Chitseko chikhale chotsegula mpaka penti aume kwenikweni osati kungouma pamwamba, chifukwa penti wosakhwima akakumana ndi mnzake pafelemu amamatirana n'kusupuka. Dontho la oilo pa mfundo za hinjesi iliyonse penti akatha.

Tikulangiza hinjesi yachitatu pakati. Chitseko chathabwa lokhalokha cha msinkhu uwu n'cholemera kwa mahinjesi awiri, ndipo yapakati imathandizanso kuti thabwa la m'mbali lisapindike. Poigobera, mzere utengedwe ndi ulusi womangidwa kuchokera pa pini yapamwamba kufika yapansi, chifukwa yachitatu ikachoka pa mzere ngakhale ndi milimita imodzi, chitseko chimalimba potsegula ndipo masikuluwu amayamba kuzuka. Dzenje lake likhale lakuya 2.5 mm ku chitseko ndi ku felemu, ndipo ku chitseko kulowe kapepala kopyapyala ngati mpata wa pakati ungatsike pansi pa 2 mm. Mipata iyezedwenso chinyezi chikachuluka mumpweya. Wa ku loko ukatsika kufika 1.5 mm, masikuluwu a hinjesi yapamwamba ayang'anidwe kaye puleni isanatengedwe.